Kabokosi Kogona Pafoni ya Bambo

Bambo anga anagwira ukalaliki zaka makumi atatu, ndiye za pakamwa sazikhulupirira, amamvera zolembedwa basi. Nditawagulira foni yomva mawu, anakonda kabokosi ka pasikirini kosonyeza ntchito za tsikulo. Mwana wopusa ndine, ndinawaphunzitsa ndekha.

Lolemba anapsereza diresi ya amayi posita. Analamula foni kuti ilembe m'kabokosimo kuti, "Kupepesa kwa mayi a ana." Anapepesadi ali chiimire kukhitchini, kenaka n'kuuza foniyo kuti ifufute.

"Ndafufuta," anayankha mayi wa m'foniyo.

Koma kabokosi kankasonyezabe mawu omwe aja.

"Uyu akungobwebweta," anatero bambo. "Fayilo ikadali yotsegula."

Lachiwiri anapepesanso. Lachitatu anavala tayi. Lachinayi anagwada pakati pa furiji ndi sinki, bondo n'kulira ngati chitseko chakale. Tsiku lililonse foni inkati yafufuta, kabokosi kali phee.

Loweruka amayi anandiimbira. "Tabwera kuno. Munthu sapepesa kasanu konse chifukwa cha diresi. Ali ndi mwana kwinakwake bambo akowa."

Ndinapeza sutikesi ya amayi ili yasa pabedi, nsapato zalowa kale. Ndinachita mantha kwambiri. Bambo anali pakhomo pa chipinda, foni kumanja, akukonza kukhosi kuti ayambenso.

"Bambo, chonde, musatsegule pakamwa!"

Ndinalanda foni n'kutsegula mndandanda weniweni wa ntchito umene kabokosiko kamakoperako. Munalibe kanthu, mawu aja anafufutidwa Lolemba lomwelo. Kabokosi kokha ndiko kanagona tulo, osamva kuti zinthu zasintha. Ndinakadina ndi chala, kanaphethira, mawu n'kuzimiririka.

"Mwaona amayi? Kulibe mwana. Kanali kabokosi aka."

Bambo anapumira m'mwamba n'kumasula tayi. "Basi, nkhani yatsekedwa," anatero, ulendo wa pabalaza kukatsegula wailesi.

Amayi anakhala pabedi n'kuyang'anitsitsa sikirini yoyerayo. Ine ndinkadikira kuthokozedwa, koma ndinaona misozi ikulengeza.

"Zaka makumi anayi tili limodzi," anatero, "sabata ino yokha ndi imene ndamva mawu amenewa akutuluka pakamwa pawo. Ndiye iwe wabwera ndi kachala kako."

"Koma amayi, si munati..."

"Kabwezere mmene kanalili, kogona komweko. Ukalephera, nyamula sutikesiyi tizipita kwako."