Ngalande ya Zipani Ziwiri

Nyumba yanga ili kumunsi kwenikweni kwa msika wa Chezi, ndipo madzi onse otsika m'phiri amafuna kudzera pakhomo panga. Kale ankadutsa m'ngalande yomwe tinkaifukula chaka ndi chaka mokakamizidwa. Matipate atabwera, ngalandeyo inakwiririka ndi mchenga, makoko a nzimbe ndi mapepala. Ukauza munthu kuti tiyeni tikafukule, ankati, "Zathangata zinatha, mayi. Pano ndi ufulu."

Mvula ya mu Disembala 1994 inanyambita khoma langa lakumbuyo mpaka njerwa ziwiri kugwa. Njerwa zake n'zosawotcha. Ndinaona kuti ikagwanso ina yamphamvu, ndigona panja.

A Tomasi, mphunzitsi wopuma, anaitanitsa msonkhano. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa. Tinasankha wapampando, wachiwiri wake, mlembi ndi wachiwiri kwa mlembi. Khasu silinatchulidwe. Atayamba kukangana za dzina la komiti, ine ndinanyamuka.

Ndinapita kwa a Kalisto, a golosale ya kumtunda, omwe anali tcheyamani wa chipani chakale.

"Mwamva, a Kalisto? Anzanu aja akuti Loweruka akumba ngalande, anthu aone kuti inu zaka makumi atatu munkangovina."

"Ndani? Andreya? Amene uja khasu amalidziwa? Iye ndi singano basi."

Ndinatsetserekera kwa a Andreya, telala wa pafupi ndi mlatho, tcheyamani wa chipani chatsopano. Awiriwa sankapatsana moni chiyambire chisankho.

"A Andreya, kumtundaku akuti boma lanuli ndi lapakamwa. Ngalande akumba okha Loweruka."

Anasiya kupalasa makina. "Loweruka lake lomweli?"

Ndinanama, inde. Pambuyo pake ndinakaulula kwa ansembe. Anatsokomola nthawi yaitali, kenaka n'kundipatsa Tikuoneni Maria atatu.

Loweruka kutacha, Chezi yense anali ndi makasu. A Kalisto ndi anthu awo anayambira kumtunda, a Andreya ndi awo anayambira kumlatho, gulu lililonse ndi nyimbo zake, amayi atavala nsalu za chipani. Sindinaonepo amuna akukumba chotero popanda mowa. Pofika masana magulu awiriwa anakumana kuseri kwa nyumba yanga. Apo anaima. Pakati pawo panatsala mapazi asanu ndi limodzi osakumba.

"Nanga mwaimiranji?" ndinafunsa.

"Mayi Faines," anatero a Kalisto, "tikalumikiza, madzi athu alowa m'ngalande ya awa. Mawa adzati ndi iwo apulumutsa msika."

"Ifenso sitikuwafuna," anatero a Andreya. "Yathuyi ndi ngalande yatsopano. Sitilandira zinyalala za zaka makumi atatu."

Apa m'pamene ndinaona zimene ndinadzichitira. Ngalande ili yokwiririka, madzi ankamwazikana mumsika monse, ine n'kulandirako gawo langa. Tsopano anali ndi msewu wosalala kuchokera kuphiri mpaka pa khoma langa. Ndipo cha ku Ntchisi kumwamba kunali bii.

Ndinaitana Kezia, mnzanga woyandikana naye, wogulitsa tomato. "Kezia, tenga khasu, siya kuyang'ana."

Tinangogwetsa makasu kawiri, a Tomasi anatulukira ndi kope m'manja.

"Mayi, pepani, chigawo ichi komiti sinakambirane."

"Gwirani nsapato zangazi, aphunzitsi, zinganyowe."

Anazigwira.

Tinakumba, nkhalamba ziwiri pakati pa amuna makumi anayi atatsamira mipini. Kezia pakamwa sipatsekeka. "Taonani abambo a chitukuko! Tikubweretsereni mipando? A Andreya, mukatisokere zitenje zolembedwa kuti chipani cha msana wopweteka!"

Woyamba kuchita manyazi anali mkazi wa a Kalisto. Analanda khasu m'manja mwa mwamuna wake n'kulumphira m'ngalande, nsalu ya chipani ili m'chiuno. Mkazi wa a Andreya ataona, anati, "Ameneyo asandipose," nayenso n'kulowa. Amayi ena anatsatira, mpaka tinayamba kugundana zigongono.

Madontho oyamba anatipeza titatsala ndi phazi limodzi. Tinamva madzi akubwera kumtunda ngati lole. Kezia anagwetsa khasu lomaliza, tonse n'kukwera msangamsanga. Madzi ofiira anafika ndi makoko a nzimbe, chipewa cha munthu ndi nkhuku imodzi yomwe inali ikutsutsabe. Anadutsa kuseri kwa nyumba yanga osapatuka, ulendo wa kumlatho.

Anthu anabalalika. Matcheyamani awiri aja anathawira pakhonde panga, wina kuyang'ana kuno, wina uko. Ine ndinazungulira kuseri ndi mvula yomweyo, n'kugwira khoma ndi dzanja kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pansi pake panali pouma.

Nditabwerera ndinapeza awiriwo ayamba kukangana za amene adzatsegulire ngalande. Ndinawapatsa beseni limodzi, n'kuwalozera pomwe denga limadontha.