Manja a Ba Nsofwa

Dziwe losambiramo la pamgodi ku Luanshya linauma kalekale, moti mbuzi ndi zimene zinkatsikiramo kukabisala dzuwa. Amene anaganiza zoliukitsa ndi Ba Nsofwa, namwino wopuma pantchito, mayi wamfupi wosamva mawu oti sizingatheke. Chipumireni, tsiku lililonse ankapita kunyumba ya ana amasiye osaona, ndipo chimene chinkawapweteka mtima ndi kayendedwe ka anawo. Mwana wosaona sathamanga. Amayenda mapewa ali m'mwamba, khosi lili gwa, kudikira khoma loti limugunde, mpaka thupi limazolowera kuuma. Ba Lombe, mtsikana wophunzira zowongola ziwalo, anawauza kuti m'madzi mwana wotere amamasuka, chifukwa mulibe chopunthwitsa ndipo kugwa sikupweteka.

Mwa ana onsewo, wouma thupi kwambiri anali Chishala, wa zaka khumi ndi ziwiri. Pakamwa pokha ndi pamene panali pofewa. Chikuku chinamuwononga maso ali wakhanda, ndipo magalasi ake akuda sankavula pamaso pa munthu. Iye ankawaitana Ba Nsofwa kuti mayo, ngati mayi ake omubereka.

"Mayo, madziwo adzafika pati?"

"M'chifuwa."

"Chifuwa cha ndani, changa kapena chanu? Paja inu mawu anu ndimawamva akuchokera pansi."

"Iwe, ndikutsina! Udzagona chagada pamadzi, ine manja pamsana pako. Sindidzakusiya."

"Mwalonjeza?"

"Ndalonjeza."

Chaka chathunthu amayi a komiti imene Ba Nsofwa anakhazikitsa anagulitsa chikanda, zitumbuwa ndi chakumwa cha munkoyo pakhomo la tchalitchi, koma zimene anapeza sizikanagula ngakhale mpope. Choncho anakonza phwando mu holo ya kalabu ya pamgodi, naitana eni masitolo ndi eni malole a ku Kitwe ndi ku Ndola kuti ana akayimbe, iwo adzafupe.

Patsikulo ana anatchena zovala zatsopano zimene mpingo unawagulira. Chishala anakhala m'mawa wonse akusisita kolala ya diresi lake, kuwerenga mabatani ndi zala, kufunsa aliyense ngati chikasu chimamukhala. Kenaka analowa Ba Kapambwe, mnzawo wa m'komiti wogulitsa kaunjika, amene amadziwa bwino chimene chimatsegula chikwama cha munthu.

"Ba Nsofwa, mutu uli bwino? Ana kuwala chonchi, apise m'thumba ndani? Anthu a ku Kitwe aja sapereka ndi nzeru, amapereka ndi misozi. Zakale zija zili kuti?"

"Aa, Ba Kapambwe, ana akondwa kale."

"Ndiye adziwa bwanji? Akuona?"

Apa ndi pamene Ba Nsofwa akanatseka khutu. Munthu wakhala ndi ana amenewa zaka zisanu, wawaona akuzindikira mbale yawo ndi chala chimodzi, angakhulupirire bwanji zopusa zoterozo? Koma anaganiza za dziwe louma lija, nakhulupirira chifukwa ankafuna kukhulupirira. Anamuvula okha Chishala.

"Lija lathimbirira kumbuyo, mwanangu. Vala ili, ndi lokongola kuposa."

Chishala anakweza manja, diresi linalowa. Chala chake chinayenda paphewa n'kuima pa chigamba chimene anachidziwa chaka chatha. Kenaka anatsitsa dzanja.

Mu holo ana anayimba nyimbo ziwiri, koma beseni limene anaika kutsogolo linkangolira tindalama tachitsulo. Alendo anali kalikiliki ndi nkhuku yowotcha, ena akuseka ndi mafoni awo. Woyendetsa mwambo anakuwa mpaka mawu kusasa, osaphula kanthu. Ba Nsofwa anaona chaka chonse cha chikanda chikupita pachabe. Nyimbo yachitatu inali yoti Chishala atsogolere yekha. Atangoyamba, iwo anakwera pansanja mwakachetechete, naima kumbuyo kwake, n'kumuchotsa magalasi.

Holo yonse inati zii. Mayi wina anagwira pakamwa, wina analira mokweza. Kenaka mipando inayamba kusuntha, anthu akubwera pamzere, ndipo beseni linasiya kulira chifukwa tsopano munkagwa zamapepala. Mwini malole wina analonjeza mpope ndi simenti pomwepo. Chishala anayimba mpaka kumapeto, mawu osanjenjemera, nkhope italunjika kwa anthu amene ankawamva akupumira m'mwamba pomuyang'ana. Amayi a komiti anavina tsiku limenelo, ndipo Ba Nsofwa anavina nawo.

Miyezi inayi amisiri akumata ming'alu, Chishala sanachite mwano ngakhale kamodzi. Ankapereka moni, ankathokoza. Kungoti dzina la mayo lija linatha, anakhala Ba Nsofwa ngati kwa wina aliyense, ndipo za mawu ochokera pansi sizinamvekenso. Iwo anadziuza kuti mwana akukula.

Dziwe linatsegulidwa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ana anatsika masitepe atagwirana, akukuwa ndi kuzizira, ndipo posakhalitsa amene sanathamangepo chibadwire ankamenya madzi ngati abakha. Ba Nsofwa analowa ndi chitenje chawo, namupeza Chishala ataima pakona, magalasi ali kumaso.

"Tsiku lija ndi lino. Gona chagada, ndakugwira."

Anaika manja pamsana pake. Mwana anauma ngati thabwa, zala zitakanirira m'mphepete mwa dziwe. Anayesa kachiwiri, kachitatu, akumunyengerera, koma thupi linakana. Ba Lombe anayandikira.

"Pumulani kaye, mayo, ndiyeseko ine. Chishala, ndine Lombe. Ndikugwire?"

"Ndigwireni."

Khosi lija linafewa, mapewa anatsika, miyendo inayandama yokha. Chishala anatambasula manja pamadzi naseka, kuseka kumene Ba Nsofwa anakuyembekezera chaka ndi miyezi. Anakumva ataima patali, manja ali lende, ndipo anachita manyazi amene sanawachitepo moyo wawo wonse.

Ana ena atayamba kutuluka, Ba Nsofwa anamutsatira Chishala pamasitepe.

"Chishala, manja anga wawaiwala?"

"Sindinawaiwale. Ndi omwe aja."

"Mwanangu, ndinkafuna upeze madziwa. Anthu aja sakanapereka."

"Ndikudziwa. Madzi ndi abwino, zikomo kwambiri." Anakonza magalasi ake ndi chala chonyowa. "Koma mukanandipempha, Ba Nsofwa. Ndikanavula ndekha."

Anapapasa chitsulo chogwirira, nakwera osathandizidwa. Ba Nsofwa anatsala m'madzi owafika m'chifuwa.

Mpaka lero Lachiwiri ndi Lachisanu ana amapita kudziwe, ndipo Chishala akuyenda mowongoka moti alendo sakhulupirira kuti ndi yemwe uja. Ba Nsofwa salephera kubwera. Amakhala pabenchi ndi mulu wa matawulo pamiyendo, ndipo mwana aliyense akatuluka amayamba amufunsa ngati angamupukute.