Diso la Batani

Mayi ake a Ndapeza atamwalira, abale anagawana katundu ngati akhwangwala pa chimanga. Zitenje anatenga a Flossie, ang'ono awo a malemu. Wailesi ndi makasu zinapita kwa a Gerevazio, amalume ake a mwanayo, eni mbumba. Ndapeza, wa zaka zisanu ndi zinayi, anam'siyira zomwe palibe anazifuna: chidole cha chimbalangondo chothothoka ubweya, ndi kabuku ka zithunzi.

Ziwirizi malemu Magadalena, mayi akewo, anazigula pa kaunjika wa a Hassani ku Dedza Boma, chaka chija sukulu inakhala yaulere, atagulitsa kachewere. Chidolecho chinabwera ndi diso limodzi. Magadalena anadula batani lofiira pa bulauzi lake loyendera, n'kulisokerera pamene panalibe diso.

"Tsopano chizikuyang'ana ndi diso langa," anatero.

Bukulo linali la Chingerezi, koma zithunzi zimafuna womasulira ngati? Poyamba mwana wagona ndi chimbalangondo chake chokalamba. Kenako chasochera, chagwera m'matope, galu wachikoka. Patsamba lomaliza achichapa, achiyanika pa chingwe ndi makutu, ndipo mwini wake akudikira manja ali m'mwamba. Ndapeza ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti dziko limayenda choncho, kuti chosowa chimabwerera. Kalanga mwana!

Mu Ogasiti, kutatsala sabata kuti kuchitike mowa wotsazikana ndi mzimu wa malemu, chidole chija chinasowa. Ndapeza anafuna pansi pa nkhokwe, m'khola la mbuzi, mpaka kudimba, mphepo ya m'phiri la Mphunzi ikumung'amba milomo. A Gerevazio anangomuyang'ana akutokosa m'mano.

"Chasowa? Pepa, mphwanga. Zidole za azungu zimayenda zokha."

Ndapeza anakatsegula buku lake n'kudzilimbitsa mtima. Apa tili pakati, anaganiza, tsamba lomaliza likubwera.

Tsiku la mowa, dzuwa litangopendeka, ng'oma za gule wamkulu zinalira pabwalo. A Flossie anam'kokera kutsogolo kwa azimayi.

"Gule wa amako uyu. Womba m'manja, usatichititse manyazi."

M'fumbi munatuluka chilombo chomwe mudziwo sunachionepo. Thupi lonse masanza, koma nkhope, inu! Ubweya wofiirira, timakutu tozungulira. Azimayi anaimba nthungululu, anyamata anakuwa. Chilombocho chinapalasa fumbi, n'kutembenukira kwa Ndapeza. Diso limodzi linali lagalasi. Linalo linali batani lofiira, losokedwa ndi ulusi wakuda.

"Chidole changa!" Mawu anam'pulumuka. "Mutu wa chidole changa uwo! Amalume achidula!"

Ng'oma zinangoti zii.

Nkhani yake ndi iyi. Chilombo cha gule chimachokera kumanda, sichisokedwa ndi singano ya munthu. Aliyense amene ali ndi maso amadziwa zomwe amadziwa, koma mkazi kapena mwana wosalowa mwambo satulutsa pakamwa. A Flossie anam'bwanyula khofi la pamlomo mpaka magazi. Koma akuluakulu a gule sankayang'ana mwanayo. Ankayang'ana a Gerevazio, munthu wamkulu amene anaba cha mwana wamasiye, n'kuchita ulesi ngakhale kuchotsa batani. A Gerevaziowo anaona kuti mlandu ukuwagwera, ndipo njira yodzipulumutsira inali imodzi: mwanayo akhale wabodza.

Anabwera mosapupuluma, akumwetulira, n'kumugwaditsa Ndapeza pakati pa bwalo. Chilombo chija chinaima pafupi, chikupuma mwamphamvu.

"Yankha mokweza, anthu amve. Iwe unali ndi chidole?" anafunsa a Gerevazio.

Ndapeza anakweza maso. Diso la mayi ake linali pomwepo, pamwamba pake, likumuyang'ana.

"Ndati unali ndi chidole?" Chala chawo chinam'pota khutu. "Kapena ukufuna chikunyamule ukagone nacho kumanda?"

"Ndinalibe."

"Batani ilo ukulidziwa?"

"Sindikulidziwa."

"Amako anakusokerapo kanthu?"

Ndapeza anayang'ananso batani lija. Anamva kuti akayankha, ndiye kuti wawakana mayi ake pamaso pa mudzi wonse, pa tsiku lawo lomwe. Khutu linapotedwanso.

"Ayi."

"Mwamva nokha," anatero a Gerevazio. "Mwana wamasiye amalota masana. Imbani ng'oma!"

Ng'oma zinayambiranso. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma pa azimayi onse aja palibe anam'dzutsa. Anadzuka yekha, nabwerera pamzere, nawomba m'manja mpaka gule anatha, chifukwa a Flossie anaima kumbuyo kwake.

M'mawa mwake anapita pamene ankabisa buku, kuseri kwa mtsuko. Sankafuna zambiri, ankangofuna kuona tsamba lija lomwe chidole chimabwerera. Bukulo analipeza, koma linathera pa tsamba la galu.

Panja, a Gerevazio anali kuwotha dzuwa pakhonde, akupichira fodya wa chingambwe. Ananyambita m'mphepete mwa pepala, namata, nayatsa ndi khala. Papepalapo Ndapeza anaona khutu la chimbalangondo lili pa chingwe, moto ukulidya pang'onopang'ono kulowera ku manja a mwana uja.

A Gerevazio anakoka utsi, naupemerera m'mwamba.

"Pepala labwino ili, mphwanga, silizima msanga. Bwera nawo otsalawo."