Suti M'bwalo la Ng'ombe

Amuna anga a Nazzareno sanandigulirepo sopo wonunkhira chikwatiranireni, koma Tiberio anali ndi wakewake. Tiberioyo inali nkhunzi yathu ya mtundu wa Chianina, yoyera mbee, yaitali ngati chitseko cha khola. Bambowo ankatchula makolo ake pamtima mpaka agogo a agogo. Mukawafunsa dzina la agogo anga ine, ankangokanda m'mutu.

Anayamba kuiphunzitsa chingwe ikadali thole. M'mawa uliwonse ankavala chijasi chawo chonunkha khola, n'kuimanga chingwe kumutu, n'kumayenda nayo m'munda wa mphesa: kukoka pang'ono, kuleka, kuikanda pakhosi, kuiimitsa miyendo ngati msilikali. Kuti izolowere phokoso la kuchionetsero, ankatiimika pampanda ine ndi mwana wathu Ersilia kuti tiziwomba m'manja ndi kutambasula maambulera. Mayi wamkulu ngati ine kuwombera m'manja ng'ombe!

Ersilia atapeza mwamuna, Fulvio, ukwati unagwera Loweruka lomwelo la chionetsero cha ng'ombe ku tauni.

"Musinthe tsiku," anatero atate ake.

"Ababa, ansembe asinthe tsiku chifukwa cha ng'ombe?"

"Nanga achionetsero asinthe chifukwa cha iwe?"

Mwana analira mpaka maso kutupa. Bambowo ndiye anatulukira nzeru: nkhunzi zimalowa m'bwalo m'mawa, ukwati ndi wamasana, choncho avaliratu suti kuti akachoka m'bwalo angolunjika kutchalitchi.

"Inu abambo, suti m'ndowe?" ndinafunsa.

"Iole, wopambana sagwa m'ndowe. Ndifika nditanyamula chikho."

Zakumeneko anandiuza mlongo wanga Settimio, amene anawathandiza kunyamula nkhunziyo pa lole. Atafika, bambowo anaisambitsa, anaipaka ziboda mafuta a olivi, anaipesa mchira. Kenako anaisiya ndi Settimio n'kupita kwa wometa. Anabwerako ndevu zonse mbee, suti yakuda, chipewa chatsopano, atadzithira mafuta onunkhira ngati sitolo yagubuduka.

Tiberio anawanunkhiza, anafwenthera, n'kubwerera m'mbuyo.

"Ndine ndemwe, mwanangu," anatero bambowo.

Nkhunzi sinavomere. Anaikoka ndi chipini cha pamphuno mpaka pakati pa bwalo, ndipo pomwepo inapinda miyendo n'kugona. Zinzake zinkazungulira mwaulemu, iyo ikubzikula.

"Akwati!" anakuwa wina pampanda. "Mkwatibwi wakana!"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Bambowo anagwada n'kumainong'oneza m'khutu, anaipatsa mchere, anaitukwana, anaipepesa. Woweruza anadikira pang'ono, kenako anapereka chikho kwa nkhunzi ya munthu wina. Settimio ataona kuti nthawi yatha anawasiya chogwada, n'kuthamangira kutchalitchi. Ndi iye amene anamugwira mkono Ersilia kupita naye kuguwa m'malo mwa atate ake. Mwana wanga anayenda chowerama, osacheuka ngakhale kamodzi kuyang'ana kukhomo.

Bambowo anatulukira tikudya nyama yowotcha, vinyo atazungulira kale. Mawondo a suti anali obiriwira, ndipo fungo linalowa iwo asanalowe. Ndinkati mwina apepesa. Anapita kwa mkwatibwi n'kumugwira paphewa.

"Ersilia mwanangu, ukudziwa? Woweruza wanena yekha kuti msana wa Tiberio unaposa zonse. Ikanangoimirira basi."

Ersilia sanawayang'ane.

"Fulvio," anauza mwamuna wake, "tatsegula zenera."

Tinawakhazika kukhomo pamodzi ndi oimba, ndipo wa akodiyoni anasuntha mpando wake.

Tiberio anagulidwa chaka chomwecho ndi mlimi wa kuchigawo cha Marche amene ankangofuna mbewu yake. Tsiku limene ankakwera lole bambowo analira mokweza, mamina ali chuchuchu, anthu akuona. Ersilia amabwera Lamlungu ndi ana ake, ndipo akawapeza pakhonde amawapatsa moni mwaulemu wonse: "Muli bwanji, bambo a Tiberio?"

Iwo amayankha.