Mbewa Yomaliza m'Filiji

Alamu ya utsi inandipeza ndili pamasitepe, basiketi ya zovala ili m'chiuno. Ndinaiponya pomwepo. Masokosi a bambo a Jackie anamwazika mpaka pansi, ine ndikuthamanga, ndikuitana mwana wanga wa miyezi isanu ndi iwiri ngati kuti akanandiyankha.

Ndinapeza amayi anga akwera pampando m'khitchini, akukupiza alamuyo ndi chitenje. Jackie anali kumsana kwawo, akuseka.

"Kanthu kanuka n'kamiseche," anatero amayi. "Munthu usawambe kandiwo, kayamba kale kuuza mudzi wonse."

Fungo linandimenya ndisanaone kanthu. Linali la ubweya wowauka, fungo la kwathu ku Mponela anthu akatha kukolola. Pathileyi ya mu uvuni panali mbewa zitatu, zotumbulidwa bwinobwino, zofutsidwa ndi mchere, zitandandalikidwa ngati za pamsewu.

Ndinathimitsa uvuni.

"Iwe Flossie ndi mwamuna wako ndinu oumira," anapitiriza amayi akutsika pampando. "Masabata awiri mukundidyetsa nkhuku zomveka ngati thonje, chonsecho ndiwo mwabisa kuseri kwa nsawawa m'filiji. Koma mbewa za kuno! Zoyera ngati eni dziko. Ndalawako imodzi. Siifika pa kapuku, ilibe mafuta, koma ndi mchere ikulowa."

"Mwadya?"

"Nanga ndimati ndiivale?"

"Amayi, mbewazo si za anthu."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana paliponse m'khitchinimo. "Mphaka sindinamuone muno."

Ndiyenera kunena apa zimene ndinali nditawabisira. Amayi anabwera kuno kutsidya la nyanja, ku Landover, kudzandilerera mwana kuti ndibwerere kuntchito yanga yosamalira okalamba. Kutatsala masabata atatu kuti afike, mwamuna wanga Medson anabwera kuchokera kuntchito kwake, kumalo osungirako katundu, atanyamula bokosi lalikulu lagalasi. Mnzake ankasamukira kutali, ndiye anamusiyira chiweto chake. Inali nsato. Yaing'ono, yamtundu uja umadzikulunga ngati mpira ukachita mantha, koma nsato ndi nsato. Ndinalira, ndinakalipa, ndinagona chofulatira. Medson ankangoseka. Ankati kuno ana asukulu amaweta zimenezi, ndipo iye anaikonda tsiku lomwe anaiona.

Mwini wake woyamba ankaipatsa mbewa zamoyo. Apo pokha ndinaima nji: mbewa yamoyo silowa m'nyumba muli khanda. Ndiye Medson anagula zakufa kale, zouma ndi chisanu, khumi m'pepala limodzi. Lamlungu lililonse ankatulutsa imodzi, kuisungunula pampopi, kuiponya m'bokosimo. Mawa lake ankaitaya. Nsato sinkaiyang'ana n'komwe. Bokosilo tinalitsekera m'kachipinda kakang'ono, amayi tinawauza kuti muli katundu wa eni nyumba.

Zonsezi ndinazinena nditaima pafupi ndi sinki, maso ali pansi. Nditamaliza, amayi anamasula Jackie kumsana n'kumufungatira pachifuwa.

"Kiyi."

"Amayi, tidikire bambo a Jackie abwere."

"Ndati kiyi."

M'kachipindamo munali mofunda, kanyale kofiira kakuyaka. Nsato inali itatulutsa mutu m'kaphanga kake kapulasitiki, lilime likutuluka n'kubwerera. Amayi sanakuwe. Bola akanakuwa. Anaima pakhomo nthawi yaitali, dzanja lawo litaphimba nkhope ya mwana.

"Yafika liti?"

"Masabata asanu apitawo."

"Ndipo sinadyepo."

"Akuti zimatero zikasintha malo."

"Akuti ndani? Iye yemweyo?" Anatseka chitseko pang'onopang'ono ngati safuna kuti njokayo imve. "Mwana wanga, ndinakulipirira sukulu mpaka Folomu 4 kuti uzitha kuwerenga zinthu. Mwamuna wasunga njoka m'chipinda chokiya. Wanamiza apongozi ake. Njokayo ikukana mbewa. Njoka yam'tchire unaiona ikukana mbewa? Ikukana chifukwa sindicho chakudya chimene anailonjeza."

Ndinkadziwa chimene akunena. Kwathu, munthu woweta njoka m'nyumba amati wakhwima, ndipo njoka yotero amati imadyetsedwa ndi magazi a pakhomo pomwepo, kuyambira wamng'ono.

"Bambo a Jackie ndi wa kwaya, amayi."

"Mfiti zimaimba bwino kuposa tonse. Galimoto ija mwagula liti?"

"Ndi yakale! Chitseko chake chimodzi sichitseguka!"

"Amayamba ndi zakale."

Anatulutsa foni yawo m'bulauzi. Kunali kutangodutsa wani koloko masana, kutanthauza kuti kumudzi kunali kutada koma anthu anali asanagone. Ankafuna amalume anga a Ernest, ankhoswe a ukwati wathu. Ndipo ndinkawadziwa amalume. Nkhaniyo ikangofika m'khutu mwawo, pofika m'mawa Mponela yonse ikanakhala itamva, abale a Medson akanamva, ndipo mawu otere akatuluka sabwezedwa. Ukwati wanga ukanathera pafoni imeneyo.

"Ndikawauza amalume ako, iwe ukhale ukulongedza. Tikagona kwa mayi Victoria a kutchalitchi aja. Mwana uyu sagonanso muno."

Ndinaimbira Medson. Foni yake inali yotsekeredwa m'loka, monga mwa lamulo la kuntchito kwawo. Ndinaimbanso. Palibe.

"Amayi," ndinatero, "ikadya mbewa?"

Chala chawo chinaima pamwamba pa foni.

"Ikadya mbewa pamaso panu, muimbabe?"

"Siidya."

"Koma ikadya?"

Anaganiza. "Ikadya ndiye kuti ndi nyama. Mwamuna wako adzakhala wopusa chabe. Uchitsiru sathetsera ukwati, tikanatha tonse."

Ndinathamangira ku filiji. Pepala linali m'bini, lopanda kanthu. Ndinatulutsa nsawawa, nsomba, nyama, zala zikuuma, mpaka ndinaiona: imodzi inali itagwera kumbuyo n'kumatirira kukhoma. Ndinaikanganula ndi supuni. Inali yolimba ngati mwala, timanja take titapindika pachifuwa.

Imodzi yokha. Ikakanidwa, basi.

Ndinali ndisanaikhudzepo njokayo, ngakhale bokosi lake. Koma ndinkamuonerera Medson Lamlungu lililonse, nditaima patali, chifukwa ine chinthu chimene ndikuchiopa sindichichotsera maso. Ndipo nthawi zonse china chake chinkandivuta. Ankaipatsa mbewa yonyowa, yozizira ngati yotola m'ngalande. Iye yemwe anandiuzapo kuti nsato imapeza chakudya pomva kutentha kwa thupi lake. Anazinena, koma Medson ndi munthu woti ngakhale tiyi amamwa ataimirira.

Ndinaika mbewayo m'kapepala kapulasitiki, ndinamanga, ndinamiza m'madzi ozizira kaye, kenako ofunda. Madzi akazizira ndinkasintha. Amayi anakhala pasofa, mwana pamiyendo, foni padzanja la sofa, nambala ya amalume ikuonekera. Patadutsa pafupifupi ola, ndinatsina pamimba pake ndipo panali pofewa mpaka mkati. Ndinaiviika komaliza m'madzi otentherapo, ndinaitulutsa, ndinaipukuta. Ndisanaganize n'komwe, ndinapezeka ndaigunditsa mkati mwa mkono wanga, pamene ndimayesera mkaka wa Jackie.

Inali bwino. Sinkawotcha, sinkazizira. Inali ngati khungu la mwana wongodzuka kumene.

Ndinatsala pang'ono kuigwetsa.

Ndinatseka makatani a m'kachipinda kaja. Ndinatenga chopanira chachitali chimene Medson anagula, ndinagwira mbewayo kumchira, ndinakankha chivundikiro cha bokosi. Amayi anaima pakhomo, mwana atamubwezera kumsana, foni m'manja.

Mbewa inkalendewera. Nsato inabweza mutu m'phanga.

Mphindi imodzi. Ziwiri.

"Waona?" anatero amayi.

"Dikirani."

"Ndadikira ola lathunthu."

"Amayi, chonde."

Ndinaigwedeza kwambiri. Mbewa inazungulira m'mwamba ngati chovala pachingwe. Kumbuyo kwanga ndinamva amayi akutsonya.

"Iwe, unaiona kuti mbewa ikuuluka?"

Ndinacheuka.

"Yang'ana kutsogolo! Wagwira kumchira ngati ukukataya. Igwire pamsana, kuseri kwa khosi. Mwana wobadwira m'dziko la mbewa iwe, ukundichititsa manyazi. Itsitse pansi. Mbewa siyenda pakati pa bwalo, imatsata khoma."

Ndinachita monga ananenera.

"Pang'onopang'ono. Imitsa. Inunkhize. Eya. Tsopano ithamange pang'ono. Imitsanso."

Anali atalowa m'chipindamo osadziwa. Mpweya wawo unkandifika pakhosi. Mbewa yakufa inayenda m'mbali mwa galasi, kuima, kugwedeza mphuno, kuyendanso, ndipo kwa kanthawi ngakhale ine ndinaiona ngati yamoyo. Lilime linatuluka m'phanga. Kenako mutu. Khosi linapindika, linabwerera m'mbuyo ngati munthu wokoka legeni.

"Usasunthe," ananong'ona amayi. "Ibweze pang'ono, ngati yazindikira."

Sindinaone pamene inalumpha. Ndinangomva chopanira chikugwedezeka m'dzanja, phaa, ndipo mbewa panalibe. Panali mfundo yaikulu yamawangamawanga, ikufinya, ikufinya chinthu chimene chinafa kalekale. Ndinakuwa. Amayi anakuwa. Jackie analira chifukwa cha ife. Chopanira chinagwera m'bokosi ndipo ndinachisiya momwemo, ndinakoka chivundikiro ndi manja onse awiri.

Tinakhala pansi, pakapeti, ine msana utatsamira khoma.

Inatenga nthawi kuti imasule. Inafunafuna mutu wa mbewayo, inalakwitsa, inaluma mwendo, inasiya, inayambiranso. Itaupeza, kukamwa kunatseguka mopitirira muyeso, ndipo inayamba kudzikoka pamwamba pa mbewayo, mbali iyi, kenako mbali iyo, movutikira ngati munthu wovala nsapato yothina. Kambewa kosaposa chikhatho cha Jackie kanaitengera mphindi makumi awiri. Amayi sanaphethire. Mchira utalowa, nsato inayasamula kukonza nsagwada, inakamwa madzi m'kambale kake, n'kubwerera m'phanga.

"Hm," anatero amayi. "Njala inali itaipha, kanyama ka Mulungu."

Anayang'ana foni yawo. Inali itazima yokha. Anaibwezera m'bulauzi.

"Akabwera bambo a Jackie, ndilankhula nawo ndekha. Munthu wamkulu ndi ndevu zake kutsekera apongozi chitseko chifukwa cha chokwawa. Ndipo uwauze kuti kudyetsa chiweto sakudziwa."

Ndinafuna kuseka koma chimene chinatuluka ndi kulira. Ndinalira mpaka mamina, nkhope ili m'maondo. Amayi anandisiya ndilire. Kenako anandigwira chibwano n'kundidzutsa nkhope.

"Iwe unati mwamuna wako ndi wa kwaya."

"Eya."

"Nanga ukulira chiyani chotere? Si iwe unkadziwa kuti idya?"

Anandiyang'anitsitsa, ndipo ndinaona kuti amva zimene sindinanene.

Jackie anali atagona kumsana kwawo. Ndinamunyamula kupita naye kuchipinda kwathu, ndinamugoneka pakabedi kake. Kuseri kwa chitseko kunali matawulo atatu opindidwa motalika, amene kwa masabata asanu ndinkatsekera mpata wa pansi pa chitsekocho nthawi iliyonse mwana akagona, ndikumuuza Medson kuti ndikutchinga mphepo. Ndinawatola onse atatu kuti ndikawachape. Ndinafika nawo mpaka pabalaza.

Kenako ndinabwerera, ndinagwada, n'kubwezerapo limodzi.