Buluku la Loweruka

"Ili ayi," anatero a Felton, atanyamula buluku lotuwa ndi zala ziwiri. "Mng'ono wanga sangalowe m'bokosi ndi chinthu chothetheka pabondo. Kumudzi akatsegula adzati ku London ankagona mumsewu."

Ivy anali pamatiresi pansi, mpango wakuda kumutu, pomwe anakhala chimwalirire mwamuna wake Paterson Lachiwiri. Mtima wa Paterson unangoima ali kuntchito, kuchipatala kumene ankayeza magazi. Tsopano linali Loweruka, ndipo Lolemba bokosi linayenera kukwera ndege kupita ku Dedza kwawo.

"Ndi lomwe ankalikonda, alamu," anatero Ivy motsitsa mawu.

"Suti ilipo. Avala suti."

Fulati ya ku Tottenham inali itasanduka siwa ya kumudzi. Mipando anaiunjika kuchipinda, amayi a mpingo atandandalika pansi ndi zitenje pamwamba pa majuzi. Abambo, posowa bwalo, anakhala pamasitepe, n'kumapinda miyendo mzungu wa pamwamba akamadutsa ndi galu wake. Zonsezi anakonza ndi a Felton, mkulu wake wa malemu, munthu wa tayi ngakhale pamaliro. Analamulanso kuti Luntha, mwana yekhayo wa Paterson, wa zaka zisanu ndi zitatu, azigona kwa mayi Beatrice a ku Chipata, pansanja ya m'munsi, ndipo auzidwe kuti adadi apita ku Manchester kukagwira ntchito. Lolemba mwanayo atsale. Mwana sauzidwa imfa mtembo usanalowe m'manda, ankatero a Felton. Iwo ndi mng'ono wawo nawonso akuluakulu anawabisira mayi awo atamwalira, ndipo anakula.

Sanali munthu woipa. Ankangokhulupirira kuti mwambo ukausiya pa bwalo la ndege, tsiku lina udzasowa chovala.

Nyimbo yamaliro imene amayi aja ankaimba inaduka pakati. Pakhomo panaima Luntha, jekete atamanga mpaka m'khosi, chipewa chaubweya kumutu. Mayi Beatrice anali kumbuyo kwake, wefuwefu.

"Mummy, it's Saturday."

Aliyense m'nyumbamo ankadziwa za Loweruka. Mvula kaya chipale, Paterson ankamutenga mwanayo kupita ku nyumba ya zasayansi ku South Kensington, kumene ana amaloledwa kugwira chilichonse. Ivy sankapita nawo. Loweruka iye ankagona, atachokera ku shifiti ya usiku.

Ivy anadzuka. Maondo analira, pakuti anali atakhala pansi masiku.

"Namfedwa satuluka, mayi," anatero mayi wina wachikulire, atamugwira chitenje.

A Felton anamukokera kukhitchini n'kutseka chitseko. "Alamu, anthu atiti chiyani?"

"Anthu ake ndi omwe ali panowa. Aona okha." Ivy anawayandikira. "Lolemba mukunditenga ine, iyeyu mukumusiya ndi bodza. Ndipatseniko lero lokha."

A Felton anatsegula chitseko chija. "Ndipita nanu. Koma pakamwa panu pasatuluke kanthu." Ivy anavomera ndi mutu.

Anakwera sitima ya pansi ku Seven Sisters, onse atatu. Luntha anakhala pakati, akuwerenga mayina a masiteshoni ndi milomo yokha. Pa Victoria ndi iye amene anatsogolera posintha sitima, ndipo atatsika anawadutsitsa mumpita wautali wa pansi pa msewu osayang'ana chikwangwani n'chimodzi chomwe. A Felton, amene anakhala mu London zaka zambiri kuposa mwanayo, ankangotsatira.

M'katimo munali phokoso ngati pamsika. Ana ankapukusa zigwiriro kuti mababu ayake, ena ankakweza mbewu ndi timakina n'kuzigwetsanso, wina anali ataima m'kati mwa thovu lalikulu la sopo akukuwa ndi chimwemwe. Ivy anaima n'kumwaza maso. Zaka zonsezi mwamuna wake anali ndi dziko lake kuno, ndipo iye anali kuliona tsiku loyamba mwini wake ali m'firiji.

Luntha anadutsa zonsezo osagwira. Anakaima patsogolo pa chimbale chachitsulo choimika, chachikulu kuposa munthu. Kutsidya kwa holoyo, kutali, kunali chinzake choyang'anizana nacho. Patsogolo pa mbale iliyonse panali mphete yachitsulo. Munthu akanong'ona pa mphete ya kuno, wa kutsidya amamva ngati akumulankhula m'khutu, pamene onse a pakati samva kanthu.

"Uncle, you stay here," anatero Luntha. Kenaka anakweza zala ziwiri n'kufotokoza malamulo a adadi ake, m'Chingerezi chothamanga cha ana a kusukulu. Loyamba, pa mbale amalankhula Chichewa chokha, chifukwa Chingerezi chimagwera panjira. Lachiwiri, pa mbale sanama.

A Felton anayang'ana Ivy. Kunyumba mwanayu ukamufunsa m'Chichewa ankayankha m'Chingerezi, ndipo iwo anamudzudzulapo Paterson kangapo kuti akulera mzungu. Paterson ankangoseka. Lamulo loyambalo linali bodza la mkunkhuniza, ana a azungu anali pomwepo akunong'onezana zawo, ndipo Luntha sanali wopusa. Koma anali atalisunga.

Mwanayo anathamangira kutsidya. A Felton anawerama, koma mpheteyo anaiika pa msinkhu wa mwana, ndipo iwo anali aatali ngati mng'ono wawo. Anawerama kwambiri, msana unakana. Kutsidya Luntha ankaloza pansi ndi chala. Anayang'ana uku ndi uku, anakoka buluku la suti pang'ono, nagwada ndi bondo lamanja.

Phokoso lonse linakhala ngati lapita kutali.

"Adadi aakulu, mukundimva?"

Mawuwo anafika pafupi kwambiri moti a Felton anadzidzimuka. Chinali Chichewa chosalala, chokhala ndi kakomedwe ka ku Dedza, mmene ankalankhulira Paterson.

"Ndikukumva, mwanawanga."

"Magalasi a adadi ali m'chikwama cha amami. Ndinawaona." Anapuma. "Ku Manchester akuona bwanji?"

A Felton anatsegula pakamwa. Yankho linalipo, losavuta: agula ena. Anatembenuka kuti aone Ivy, koma Ivy anali atayang'ana pansi, manja atapinda pachifuwa, akusunga lonjezo lake.

"Adadi aakulu, pa mbale sanama."

"Ndamva."

"Adadi amwalira?"

Chimene chinawabwerera sanachiitane. Anaona mng'ono wawo Paterson ali kamnyamata ka zaka zisanu ndi chimodzi, kataima pamsewu wafumbi madzulo alionse, kakudikira basi ya ku Lilongwe, chifukwa anakauza kuti amayi apita kutauni. Kanadikira mpaka mvula inagwa n'kutha. Anakula ndithu, monga a Felton ankanenera. Atakula anabwera kudzagwada pano n'kupangira mwana wake malo amene munthu sanamizidwa.

"Inde, mwanawanga," ananong'ona. "Amwalira Lachiwiri. Mtima unaima. Sanavutike."

A Felton ankangomva mpweya wa mwanayo ukulowa ndi kutuluka, ngati wagona pamapewa pawo.

"Ali kuti?"

"Akuwasunga. Lolemba tikupita nawo kumudzi, tikawaike pafupi ndi agogo ako."

"Ineyo ndipita nawo?"

"Upita. Ndikaona za tikiti."

"Zikomo," anatero Luntha, monga anamuphunzitsira. Kenaka a Felton anamva kulira kukuyamba, kochepa, m'khutu mwawo mwenimweni, ndipo nawonso misozi inatsika osaibisa.

Ivy anawayang'ana nkhope kamodzi n'kudziwa. Anadutsa pakati pa ana ndi makolo awo, osathamanga, mpango wakuda ukuoneka pamwamba pa mitu, mpaka anakafika kutsidya n'kukhala pansi pomwepo, mwana pamiyendo. Anatulutsa magalasi aja m'chikwama n'kumupatsa.

A Felton anakhalabe chigwadire. Kamtsikana ka Mmwenye kanali kumbuyo kwawo kakudikira nthawi yake, ndipo mayi ake anakagwira paphewa kuti kasawafulumize. Potsiriza anagwira mphete ija n'kudzuka. Pabondo lamanja la suti yawo panali fumbi lozungulira, kukula ngati chikhatho cha mwana, pomwe buluku lotuwa lija linathetheka. Dzanja linatsika lokha kuti lisase. Linaima panjira.

Atafika ku Tottenham kunali kutayamba kuda. Abambo a pamasitepe anapinda miyendo, ndipo ataona nkhope ya mwanayo anavula zipewa. Luntha sanatsikirenso kwa mayi Beatrice. Analowa m'siwa n'kukhala pamatiresi pafupi ndi amayi ake, ndipo mayi wachikulire uja, atayang'ana a Felton n'kuona kuti sakuletsa, anamufunditsa chitenje.

A Felton anapita kuchipinda. Suti ya malemu anaibwezera mu wadirobu. Anafunsa komwe kumakhala ayironi, anakana amayi awiri amene anafuna kuwalandira, nayala thaulo patebulo la kukhitchini. Anasita buluku lotuwa lija mwendo wamanzere, kenaka wamanja, pang'onopang'ono. Atafika pabondo anaimika ayironi pambali, n'kusalaza pothethekapo ndi chikhatho.