Amigo Asamukira kwa Apongozi

Khutu la galu wa mayi Patricia, eni nyumba, linali likuchuchabe magazi pamene iwo anagogoda kwa Masauko.

"Loweruka lisafike chilombo chanuchi chili pano. Apo ayi ndiitana a vetenale adzachiphe!"

Chilombocho chinali chitagona chagada pakhonde, chikugwedeza mchira kuti mayiwo achikande pamimba. Anali Amigo, galu wa mtundu wa pitibulu. Masauko, yemwe ankaombolera anthu katundu pa boda ya Mwanza, anapatsidwa galuyu akali kamwana ndi dalaivala wa lole yochokera ku Joni, ndipo ankamukonda koopsa.

M'mawa mwake anakafunsa nzeru kwa Lucia, wa zaziweto pa boma.

"Galu wanu sanapenge," anatero Lucia. "Makolo a agalu amenewa ankawetedwa kuti azimenyana okhaokha. Si onse, koma ena akakula, magazi aja amadzuka. Munthu amamukonda, galu mnzake safuna kumuona. Ndodo singathetse zimenezo. Mupezereni kwa mpanda wa njerwa kopanda galu wina, ndipo womutengayo mumuuze zoona."

Woyamba kumutenga anali Smart wa golosale, yemwe sanamvere n'komwe zimene Masauko ankafotokoza. Kutacha anamubweza.

"Ndinatuma mlamu wanga adumphe mpanda kuti timuyese. Ndapeza akumunyambita kumaso! Uyu si mlonda, akulu. Uyu ngwolandira alendo pa ukwati."

Lachinayi kunabwera a Yakobe, mlenje wa kwa Kanduku, mbuzi ili pa keliyala ya njinga. Ankafuna asinthanitse mbuziyo ndi Amigo. Dyna, mkazi wa Masauko, maso anali pa mbuziyo.

"Kwanu kuli agalu?" anafunsa Masauko.

"Asanu ndi mmodzi."

Dyna anamutsina pamsana, koma Masauko anaulula zonse. A Yakobe anathokoza, natembenuza njinga, mbuzi ikulira kumbuyo.

"Mwataya bomwetamweta!" anadandaula Dyna.

"Ndikananama, pofika Lolemba agalu awo akanatsala michira yokha, Amigo n'kuphedwa ndi nkhwangwa."

Lachisanu linafika popanda wina wobwera. Masauko anangokankhira phala lake kumbali. Dyna anamumvera chisoni, ngakhale za mbuzi anali asanaiwale.

"Mpanda wa njerwa wopanda galu ndikuudziwa umodzi," anatero. "Kwa amayi."

Masauko anapukusa mutu. Zaka zisanu ndi zinayi za banja, mwambo wothawa apongozi ankausunga mopyola muyeso. Akaona apongozi akewo, a Esime, akubwera, ankapatukira kutchire. Tsiku lina mumsika anabisala kuseri kwa mulu wa manachesi mpaka wogulitsa anamuyesa wakuba.

"Tidikire kaye, mwina kubwera wina."

"Pakadafunda padajiwitsa galu, bambo. Mawa ndi Loweruka."

Madzulo analunjika kumeneko, Amigo ali pa tcheni, pakamwa atamuveka chophimba chachikopa chimene anasoketsa kwa wokonza nsapato. A Esime, namwino wopuma ntchito amene ankakhala yekha, anali pakhonde. Masauko ananjuta pageti pomwepo, maso pansi, nayamba kulankhula kudzera mwa mkazi wake.

"Uwauze kuti galuyu..."

"Galuyu ndi wa Dyna kapena wanu?" a Esime anamudula. "Senderani kuno, akamwini. Woluma ndi uyo, osati ine."

Masauko anasendera. Kwa nthawi yoyamba analankhula ndi apongozi ake mawu opitirira moni. Ananena za khutu lija. Ananena kuti geti lizikhala lotseka nthawi zonse, kuti kunja asatuluke wopanda tcheni ndi chophimba, kutinso wakuba akabwera, Amigo adzamulandira ndi mchira.

"Akuba ndili nawo maloko," anatero a Esime. "Chimene ndilibe ndi wondiyang'ana ndikamalankhula."

Atamuvula chophimba, Amigo anapita n'kukatsamira mutu pa mapazi awo. A Esime anamukanda kuseri kwa khutu, naganiza pang'ono.

"Ndimutenga. Koma nyonga zomukoka pamsewu ndilibe, ndipo galu wotere sangangokhala. Woyenda naye ndinu, m'mawa uliwonse musanapite ku boda. Mukabwerako, tiyi muzimwera pano."

Masauko anayang'ana Dyna kuti amupulumutse, koma Dyna anali atabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Anayang'ana Amigo, yemwe anali atatseka kale maso.

"Ndamva, amayi," anatero motsitsa.

Loweruka m'mawa mayi Patricia anasuzumira pakhonde napeza mbale yokha. Nthawi imeneyo Masauko anali atakhala pampando kwa apongozi, kapu ya tiyi ili m'manja, a Esime akumufunsa ngati amathira shuga masupuni awiri kapena atatu.